Eriyo ya Kasinja wa Atate

Chaka chimene kampani ya atate inatsekedwa ndinali mu giredi seveni, ndipo ndinali ndi kabuku kolembamo za tsiku ndi tsiku. Mapepala ankasowa ngati sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja amayi ankawaimira pamzere tsiku lathunthu. Choncho ndinkalemba timalemba ting'onoting'ono mpaka m'mphepete, osasiya malo ngakhale a chala. Sindinali mwana wolankhula. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankathera pakhosi, ndipo zimene ndikanayankha ndinkakaziyankha m'kabukumo. Ndinkakabisa pakati pa khoma ndi denga, ndipo panalibe anakawerengapo.

Tinkakhala ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Atate anali mmisiri wa malata, ankapanga mabodi a mabasi. Ntchito itatha anakhala miyezi ali pampando pakhomo, akuyang'ana anthu odutsa. Amayi anayamba kutola zitini za saladi n'kumaziika pafupi ndi mpandowo osanena kanthu. Patapita masiku atate anatulutsa sizasi yawo ya malata, nayamba kupanga tinyale ta palafini. Manja ankagwira, koma mwiniwake kunalibe. Ngakhale mluzu umene ankaimba akamameta ndevu unali utasiya.

Tsiku lina kunabwera mnzawo wakale amene anapuma usilikali. Tonse tinkamutchula kuti ba Saijeni. Iye anali Mbemba, atate akum'mawa, choncho, mwa chipongwe cha mitundu iwiriyi, sankalonjerana popanda kunyozana: iye za mbewa, atate za bakolwe, anyani amene amati Abemba amadya.

"Iwe mudya mbeba, ukali moyo?"

"Nikali moyo, ba Saijeni. Nanga imwe, bakolwe basila kwanu kuti mubwele kuno?"

"Tabasiliza bonse. Manje nifuna kuona ngati manja yako yaziba vinthu kupambana tunyale utu."

Anati mkulu wina wa asilikali akupuma pantchito, ndipo anzake akufuna kumupatsa mphatso ya kasinja wamng'ono woika patebulo, wa mtundu wa matayala uja, wamkulu ngati buledi. Akaukonda, ena adzafunanso.

"Koma chinkhale chenicheni," anatero ba Saijeni. "Baja banthu banagona mukati mwake zaka na zaka. Ukalakwisa nati imozi, bazakuseka mpaka ku Chipata."

Anasiya chithunzi chodula m'nyuzipepala, chakuda bii, ndipo kumwamba kwake kunali kong'ambika. Anati adzabwera pakatha milungu itatu, Loweruka.

Milungu imeneyo ndimaikumbukira mpaka lero. Atate ankadzuka asanadzutsidwe. Anayeza chithunzicho ndi rula yanga, nalemba manambala pa katoni, nadula zitini n'kuziwongola ndi nyundo yamtengo. Matayala anawasema kuchokera ku patapata wakale wa amayi. Zitseko zinkatseguka, mfuti ya pamwamba inkazungulira. Pakhomo pathu pankanunkha mtovu wosungunuka ndi penti, ndipo mluzu uja unabwerera. Ine ndikachoka kusukulu ndinkakhala chapatali, ndikusankha nyemba m'lichero, maso ali pa kasinjayo.

Eriyo, waya wa wailesi amene asilikali amalankhulirana, anaika pomaliza. Pachithunzi sinkaoneka, chifukwa inali pong'ambika paja. Atate anadula sipoko ya njinga yaitali ngati chala, naimata pamwamba, itaima njo ngati msomali.

Nditangoiona ndinadziwa kuti si choncho.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, mtengo wa unga utakwera, m'tauni munavuta, ndipo kusukulu anatibweza nthawi isanakwane. Pafupi ndi msewu wa Kafue ndinapeza akasinja atatu ataima. Anthu onse ankayang'ana mfuti. Ine ndinabisala kuseri kwa kantemba, kamsasa kogulitsiramo tomato, ndipo pochita mantha ndi nkhope za asilikali ndinkayang'ana m'mwamba. Eriyo zinali zazitali kuposa munthu, zowonda ngati bango, zikupendapenda ngakhale galimoto itaima. Kutsinde kwake kunali sipuling'i yonenepa. Asanalowe m'komboni, msilikali wina anakwera, nakoka nsonga ya eriyo ndi chingwe mpaka inawerama ngati uta, naimangirira kumbuyo, poopa mawaya amagetsi amene kwathu ankalendewera m'munsi. Madzulo ake ndinajambula zonsezo m'kabuku kanga, ndi kulemba tsiku pamwamba.

Koma tsiku lomwelo ndinaonanso china. Pothawa msewu waukulu ndinadzera kunjanji, ndipo ndinapeza atate atakhala pamwala, atavala ovolosi yawo. Kunyumba tonse tinkadziwa kuti ali kuntchito. Anali atavula nsapato, akudya kandolo, mbatata imene amayi anawaikira m'chikho, ndipo anapukuta m'maso ndi chipewa kawiri. Ndinabwerera chambuyo asanandione. Zimenezi ndinazilemba patsamba lomwelo, mozungulira chojambulacho, mawu ena mpaka pakati pa matayala. Panapita milungu iwiri asanaulule kwa amayi kuti ntchito inatha.

Tsopano ba Saijeni anali kubwera Loweruka kudzaseka msomali uja, ndipo ndinkaopa kuti atate abwerera pampando.

Ndinayamba ndi amayi, tikutsuka mbale.

"Amayi, eriyo ija siili bwino."

"Iwe, siya batate bako. Ni kamene kabaukisa kaja. Ufuna bagonenso?"

Lachinayi ndinajambulanso kasinja papepala lina, eriyo yowerama ndi chingwe chake, n'kuliika pafupi ndi zida zawo. Analitenga, namwetulira.

"Wajambula bwino, mama. Koma uyu ni muchila wa galu. Eriyo siigwada."

"Ninaiona," ndinatero, koma sindikhulupirira kuti mawuwo anatuluka.

"Mutu umaiwala, umaikilako na vake. Ku shopu ya mabasi tinali kukhulupilila chabe chamene munthu walemba pa siku yamene ija, na deti pamwamba."

Ananena mokoma, napachika pepalalo pamsomali wa kalendala.

Lachisanu lonse kusukulu sindinamve chilichonse. Ndinaganiza zong'amba tsambalo n'kudula mawu ndi lezala, koma mawu ndi chojambula zinali zolukanalukana. Ndinaganiza zofuta ndi bolopeni, koma tsamba lofutidwa likanawafunsitsa mafunso ambiri. Ndinaganizanso zongokhala chete, monga ndinkachitira pa zonse.

Loweruka m'mawa amayi atapita kumsika, ndinakwera pampando n'kutsitsa kabukuko. Atate anali panja akupukuta kasinja ndi kansalu. Ndinagwada pambali pawo, ndinatsegula tsambalo, ndinawapatsa ndi manja awiri. Kenako ndinayang'ana pansi, pa nyerere zimene zinkakoka kachidutswa ka buledi.

Anawerenga nthawi yaitali. Malemba anga anali aang'ono, ndipo ndinawamva akutembenuza kabukuko cham'mbali kuti atsatire mzere umene unakwera m'mphepete. Kwa aneba mwana ankalira. Munthu wogulitsa makala anadutsa akuitanira. Ndinkadikira kuti andifunse chifukwa chimene ndinawazondera, kapena ayimirire n'kulowa m'nyumba.

Anatsokomola.

"Iyi nthambo," anatero, "banamanga kumbuyo ku lefti olo ku raiti?"

"Ku lefti, batate."

"Na sipuling'i inali itali bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi dzanja langa, kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja.

Anatseka kabukuko osatsegula tsamba lina lililonse, nandibwezera. Kenako anatenga pulayazi n'kuzula sipoko ija.

Tinali ndi maola ochepa. Atate anawerengetsa pa katoni, nati sipoko ija pa kasinja weniweni ikanakhala yonenepa ngati mkono wa munthu. Anayesa waya wamagetsi, koma unkapindika osabwerera. Anayesa kamtengo ka tsache, kanathyoka. Kenako anakumbukira kebulo ya mabuleki a njinga imene inali m'bokosi lawo, naimasula mpaka anatsala ndi kawaya kamodzi, kowonda ngati ulusi, kamene ukakapinda kankabwerera kokha. Anakawongola pokakoka pakati pa matabwa awiri.

"Manje sipuling'i tizaipeza kuti?"

Ndinathamangira m'nyumba, ndinamasula bolopeni yanga yodina, yokhayo imene ndinali nayo, ndinawabweretsera kasipuling'i kake. Anakadula pakati, nakamata ndi kadontho ka mtovu. Chingwe chinali ulusi wakuda wa amayi wosokera. Zala zawo zinali zazikulu, zolimba ndi zipsera, ndipo mfundo inkawapulumuka.

"Manga iwe. Ndiwe unaona."

Ndinamanga. Eriyo inawerama ngati uta.

Ba Saijeni anafika dzuwa lili paliwombo, akutukwana fumbi ndi maminibasi. Anakhala pampando wa atate, naika kasinja pamaondo. Anatsegula zitseko, anazunguza mfuti, anati matayala ndi onenepa ngati mbewa za ku Katete. Atafika pa eriyo anamasula ulusi uja ndi chikhadabo, eriyo inadzuka n'kuyamba kupendapenda. Anaiyang'ana mpaka inaima.

"Uyu waya unanimenyapo pa khutu," anatero. "Ninali mufana, ninaiwala kumanga bwino. Masiku yatatu sininali kumvela." Anatembenukira kwa atate. "Iwe sunakwelepo ichi chinthu. Nindani anakuuza?"

Atate anandiloza ndi chibwano. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, theka la nkhope lokha likuoneka.

"Aka kamene sikakamba? Iwe mukazi wanga, bwela kuno!" Ankanditchula choncho mwachipongwe chawo cha Abemba. "Bonse mu Chawama banali kuyangana mfuti, iwe unali kuyangana waya?"

Ndinabisa nkhope yonse kuseri kwa chitseko. Anaseka mpaka kutsokomola, namanganso ulusiwo yekha, mosamala, nakulunga kasinja m'nyuzipepala.

Atate anapanga akasinja ena asanu chaka chimenecho, kenako ofuna anatha, chifukwa asilikali nawonso zinthu zinawathina. Anabwerera ku tinyale ndi mbaula, koma pampando paja sanabwererepo. Eriyo zonse zisanu ndinamanga ndine. Za kunjanji sanazitchulepo, ndipo ine sindinafunse.

Kabuku kokha ndi kamene kanandivuta. Kwa milungu ingapo ndinkakatsitsa, n'kukabwezera osalemba. Ndinkamva ngati munthu waima kumbuyo kwanga.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza pamphasa yanga kabokosi ka malata, kopyapyala, m'mphepete mwake mopindidwa bwino kuti musacheke. Kabuku kanga kanakwanamo ndendende, ngakhale atate anakagwira kamodzi kokha. Kanali ndi kaloko kakang'ono ka sutikesi yawo yakale, ndi makiyi onse awiri atamangidwa pa ulusi. Ndinatuluka nako panja. Atate anali atawerama, akuboola mbaula ndi msomali, ndipo sanadzutse mutu.

"Makiyi yonse yabili ni yako," anatero. "Usapase munthu. Olo ine."

Madzulo amenewo ndinalemba masamba atatu ndi pensulo.