Mowa Wosakhutchumula wa Dingani Nkhoma

Dingani Nkhoma amakonza mafiriji kukomboni ya Matero, m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yake. Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi, koma sindinamuonepo akumaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Amamwa ataimirira, maso ali kugeti. Anthu amati ndi mmisiri wabwino. Ine ndingonena kuti firiji yanga anaikonza kamodzi ndipo sinavutenso.

Atate ake, malemu Benard Nkhoma, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata nadzalembedwa ntchito yophika kwa Mjeremani wina wokumba zitsime. Kumeneko anaphunzira kufulula mowa wa balere, wopepuka, wachikasu pang'ono, woyera moti ukaika chala kuseri kwa tambula umachiona bwinobwino. Ankaufulula kamodzi pachaka, nyengo yozizira. Atamwalira unatheranso pomwepo. Zinangotsala kope lofiirira la malangizo ndi kamgolo kachitsulo kokhala ndi mpopi.

Mu 2024 banja linapangana zovundukula chiliza cha malemuwo m'mwezi wa Okutobala. Amayi ake a Dingani, a Magdalene, amene amakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Katete, anatumiza mawu kuti abwera koma agona masiku awiri okha, poti miyendo sikuwalolanso maulendo. Anawonjezera kuti akanakonda ataonanso mowa uja wa amuna awo. Sananene zomwa. Anati kuona.

Dingani anaitanitsa chimera cha balere, yisiti ndi timaluwa towawa totchedwa hopu kudzera mwa dalaivala wa thiraki wopita ku Joni. Kuphika kunali kwa tsiku limodzi. Chovuta chinali pambuyo pake. Mowa umenewu ukatha kuwira umafuna ukhale pozizira masabata asanu osasunthidwa, kuti nsenga zonse zidikhe pansi. Ndipo chaka chimenecho, chifukwa cha chilala, magetsi ankabwera maola atatu kapena anayi, masiku ena osabwera n'komwe.

Anaika kamgoloko m'firiji yaikulu yogona, naikutira ndi mabulangete. Poti mowa sukanayenda, amene anayamba kuyenda anali iye. Makasitomala ake onse ankawadziwa, ndipo ankadziwa kuti magetsi akayaka kukomboni ya Lilanda ndiye kuti kukomboni ya George azima. Anagawa mabotolo a madzi m'mafiriji a anthu asanu ndi awiri, yanga ili m'gulu, n'kumazungulira panjinga kutolera amene aundana ndi kusiya osungunuka. Dzuwa la Seputembala linamusenda khungu pamphuno.

Tsiku lina masana ndinamva mkazi wake Emelda akumukalipira pampanda.

"Atate a Tiwo, khalani pansi mudye. Mowa uyo ni mwana wodwala kapena?"

"Mwana wodwala amalira, umamva. Uyu amangofa chete."

"Ine nikafa mudzanisunga ndi ayezi wochuluka chonchi?"

"Imwe simufuna ayezi, mumazizira kale," anatero ali kale panjinga, mbale ikuuluka kumbuyo kwake.

Kutatsala tsiku limodzi anandiitana kushedi. Anatsegula mpopi pang'onopang'ono, natapa m'kabotolo kakang'ono, n'kukatseka. Anakalozetsa kuwindo. Mipiringidzo ya windo inkaoneka yonse kudutsa m'mowamo. Ine sindimwa, ndipo sindinafune kumunyaditsa ntchito isanathe, choncho ndinangoti, "Ukuoneka." Iye anakabwezera pakati pa mabotolo oundana, nathamangira kusiteshoni kukachingamira amayi ake.

Loweruka m'mawa tonse tinapita kumanda a Chingwere. Mapemphero anatalika, abusa atachedwa. Mlamu wake wa Dingani, Nason, mchimwene wa Emelda, anatumidwa kuti atsogole akayale mipando kunyumba. Nason ndi munthu wothandiza. Ataona kuti mipando yatha kuyala, anaganiza zopeputsira mlamu wake ntchito. Anatulutsa kamgolo kaja m'firiji, nakagubuduza pansi kuchokera kushedi mpaka pansi pa tenti.

Ife tikulowa pageti tinamupeza atakanyamula pachifuwa, akukakhutchumula ndi manja awiri monga achitira aliyense ndi paketi ya chibuku asanatsegule, kuti zokoma zapansi zikwere.

"Mulamu!" Dingani anakuwa. "Muchita chani?"

"Nisakaniza, mulamu. Vonse vabwino vinali pansi. Mukanapatsa alendo madzi okha."

Palibe amene akanamudzudzula Nason. Kwathu kuno mowa wosakhutchumula ndi mwano kwa mlendo. Anatsegula mpopi, thovu linafwamphuka, ndipo chimene chinadzaza m'jagi chinali chotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Amalume ena analawa nagwedeza mutu.

"Ehe, uyu ndiye mowa. Uli ndi thupi."

Dingani anazungulira tenti kawiri. Anapita kugeti, nabwerera. Kuti nsenga zidikhenso pankafunika sabata kapena kuposa, pamene basi ya ku Katete inali ya m'mawa mwake. A Magdalene anali atakhala pamkeka pakhonde. Dingani anawapatsa tambula ya mowawo, iwo anaikweza kudzuwa, naika chala kuseri kwake, kenaka anaitsitsa pansi.

"Si umenewu, mwanawe."

"Unali umenewo, amayi, mpaka lero m'mawa."

"Ndamva. Koma si umenewu."

Apa ndipo Dingani anakumbukira kabotolo kadzulo kaja. Anathamangira kushedi. Pobwerera ankayenda mwa njira imene sindinamuonepo akuyenda: phazi limodzi, kuima, phazi lina, kabotolo kali chilili m'manja onse awiri. Kuchokera kushedi kufika pakhonde ndi mapazi osapitirira makumi atatu. Nason atafuna kumulandira, Emelda anamugwira malaya.

"Imwe achimwene, manja m'thumba."

Mowawo sunadzaze ngakhale theka la tambula. A Magdalene anaukweza. Chala chawo chinaoneka, ndi mphete yomwe. Anauyang'ana nthawi yaitali, timathovu tikukwera. Kenaka ananyambita pang'ono.

"Wa atate ako unkawawirako kuposa apa," anatero. Tambulayo sanaibweze. Anaiika pambali pa mwendo wawo naiphimba ndi nsonga ya chitenje kuti fumbi lisagweremo, ndipo mlendo aliyense wodzawapatsa moni ankamuvundukulira kuti aone.

Wotuwa uja unatha dzuwa lisanapendeke, ndipo ambiri anayamikira Nason.

M'mawa mwake, atakweza amayi ake basi, Dingani anagogoda kwanga ali ndi kope lofiirira lija. Anafuna ndimuwerengere mzere wina umene inki yake inafufutika, wonena za muyeso wa hopu. Ndinamupatsa mpando. Anamvetsera ataimirira.