Munda wa Bambo Utatsala Wopanda Mwini

Bambo anamwalira fodya ali m'zigafa, ine ndikuphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Santhe. Masiku amenewo ndinkawerenga buku lobwereka lonena za mafumu a Chimongolo amene ankalamulira dziko la Perisiya kalekale. Onsewo anali a magazi amodzi, koma mfumu ikafa, mng'ono wake ndi mwana wake ankalimbirana mpando. Wina analowa ufumu wa mkulu wake, koma mwana wa malemuyo anasonkhanitsa ankhondo n'kumupha. Nkhaniyi inandisowetsa mtendere chifukwa kwathu ku Chamama zinthu zinakhala ngati zikulowera komweko.

Munda waukulu uja bambo anaupeza okha, sunali wa makolo. Amene anazula nawo zitsa kuyambira pachiyambi anali mng'ono wawo, bambo athu aang'ono, ndipo matenanti ankamvera iwowo. Koma panalinso achimwene anga, mwana woyamba, amene ankayendetsa lole ku Lilongwe ndipo fodya ankangomuona akabwera kudzacheza. Pamaliro pomwepo abale anali atagawikana kale. Ena ankanong'ona kuti munda ndi wa mwana, ena ankati ndi wa amene anakhetsera thukuta.

Tsiku losesa, azakhali, mlongo wawo wa bambo, anatiitana tonse m'chigafa chachikulu. Tinakhala pansi masamba akulendewera pamwamba pathu. Azakhali anati asananene kanthu iwo, ayambe ndi bambo aang'ono.

Bambo aang'ono anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anafotokoza mmene analowera m'tchire muja ndi mkulu wawo, awiriwiri, ndi nkhwangwa imodzi yobwerekana. Ndinaganiza kuti akumanga mlandu wawo. Kenaka anatembenukira kwa achimwene.

"Mkulu wanga ankalimira ana ake, ndipo ine ndinkamuthandiza. Munda ndi wako. Ine ndili ndi wanga kuseri kwa dambo, ukundikwanira."

Achimwene anati akatenga mundawo lero aupha, chifukwa ngakhale kufesa nazale sadziwa. Anagwada pafumbi pomwepo.

"Bambo, khalani patsogolo inu. Ine ndisiya lole, ndibwere mundiphunzitse. Mukadzaona kuti ndakhwima, mudzanena ndinu."

Azakhali anangoti amva, ndipo aliyense amene ali ndi mawu ena awanene pomwepo, osati kuseri. Onse anavomereza.

Achimwene anabweradi. Ndikapita kumudzi panjinga ndinkawapeza akuthirira nazale m'bandakucha, manja atachita matuza, bambo aang'ono akuwadzudzula ngati mwana wamng'ono pamaso pa matenanti. Nthawi zina achimwene ankapsa mtima, koma sanabwezepo mawu. Anaphunzira kuwokera, kuthena, kusoka ndi kusankha masamba, mpaka kudinda mabelo.

Patapita nyengo zingapo, tsiku lokweza mabelo opita ku okushoni, bambo aang'ono anakana kukwera lole. Anati bondo likuwawawa, apite achimwene okha. Tonse tinadziwa kuti bondolo linalibe vuto. Kuyambira tsiku limenelo, tenanti akabwera ndi nkhani, bambo aang'ono ankamulozera kwa achimwene.

Lero bambo aang'ono ndi okalamba, maso akuchita khungu. Achimwene anawamangira nyumba ya malata pafupi ndi yawo, ndipo pokambirana ukwati wa mwana aliyense wa m'banja mwathu, mawu oyamba amayankhula ndi bambo aang'onowo.