Mnansi Amene Anakhalapo Mtembo

Mkulu woyandikana nafe muno mu Algiers amaopa ndi tambala yemwe. Pa chikondwerero cha Idi nkhosa amachita kumuphera, iye atatsinzina. Amangoti, "Za magazi ine ayi."

Anthu atabwera kudzafunsira mbeta mdzukulu wake, ife tili pomwepo, bambo a mnyamata anayamba kunyinyirika. "Tikwatire kwa amantha? Nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Afalansa munkabisala kuti, madala?"

Agogo aakazi a mnyamatayo anamuyang'anitsitsa mkuluyo, kapu ya khofi n'kuwapulumuka.

"Kalanga ine, mtembo uja! Anagona m'nsalu ya maliro ngati wakufa, mfuti zathu zili kunsi kwake. Msilikali wa Afalansa anamubaya pantchafu kuti aone ngati wafadi. Osagwedezeka! Ine ndinkalira ngati mkazi wake."

Tonse kukamwa yasa. Bambo aja anadzuka, n'kumupsompsona mkuluyo pamutu.

Mkuluyo anangoti, "Munkanyanya kulira, mayi. Ndinatsala pang'ono kuseka."