Chifani cha Pathanthwe la M'nyanja

Ku Chintheche munthu wamwamuna safunsidwa ngati amadziwa kusambira. Kuli ngati kumufunsa ngati amadziwa kuyenda. Mwamuna wanga sanafunsidwe, naye sananene. Ife kwathu ndi ku Dedza, kumene madzi akuya timangowaona m'chitsime.

Tinkagwira ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ine kuchapa ndi kusita, iye kukonza zamagetsi. Magetsi ankathimathima, nsomba za alendo n'kumaonongeka m'mafiriji. Ndiye mwini loji, mzungu, anabweretsa makina opukusa magetsi ndi mphepo. Ankati kwawo makina otere amaima m'nyanja yamchere m'mizeremizere, aatali kuposa bulugamu, chifukwa pamadzi palibe chotchinga mphepo. Athuwa anali aang'ono. Anawaimika pathanthwe lomwe lili m'nyanja, nthambo n'kudutsa pansi pa madzi mpaka ku mabatire. Tonse tinkangoti chifani.

Chifanicho chinali ndi khalidwe limodzi loipa. Mphepo ikanyanya chinkafunika kuchimanga buleki kuti mapiko asathothoke, ndipo bulekiyo inali komweko pathanthwe. Ndiye kuti mwera ukayamba, asodzi akamakokera mabwato awo kumtunda, mwamuna wanga ndi pamene ankakankhira lake m'madzi. Kupalasa anaphunzira msanga. Jekete yoyandamitsa munthu ankaikana, ati ndi ya alendo, asodzi angamuseke. Paja manyazi anapha lambe.

Anzanga akukhitchini ankakondwa mphepo ikamaomba, poti mafiriji ankalira tsiku lonse. Ine ndinkachita mantha. Ndikamayanika nsalu maso ankangokhala kunyanja.

"Abambo, auzeni abwana zoona," ndinamupempha tsiku lina.

"Mukufuna tibwerere kukalima mbatatesi? Pakamwa panupo musamale," anandiyankha.

Ndinasamaladi, kwa miyezi.

M'mawa wina m'nyengo yozizira mwera unabwera ndi ukali. Kapitawo wathu, bambo wachitonga wamtima wabwino ndithu, anati mwamuna wanga adikire kaye mabatire adzaze. Pomwe ankamulola kupita, mafunde anali atayamba kuchita thovu. Ndinaima pachingwe choyanikira, shiti ya pabedi yonyowa ili m'manja. Bwato linkaonekera n'kubisika, kuonekera n'kubisika. Kenaka mapiko a chifani anayamba kuzungulira pang'onopang'ono mpaka kuima. Ndinadziwa kuti wafika, ndipo ndinapumako.

Sipanapite nthawi, ndinaona bwato likuyenda lokha kulowera kumpoto, lopanda munthu. Chingwe chomangira bwatolo chinali chitaduka. Mwamuna wanga anatsala chiimire pathanthwe, mafunde akumunyowetsa miyendo.

Antchito tinasonkhana pamchenga. Palibe ankaoneka wodandaula kupatula ine.

"Musaope, ama," anatero kapitawo. "Apa m'pafupi. Ana athu amafikapo posewera. Mphepo izimukankhira konkuno, asambira."

Anavula chipewa n'kuyamba kumukodola nacho. Enanso anakweza manja kumuitana. Ndinaona mwamuna wanga akuwerama kuvula nsapato, kenaka malaya. Munthuyu ndimamudziwa. Anali wokonzeka kudumphira m'madzi omwewo kusiyana n'kuti anthu adziwe.

"Sadziwa kusambira," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Ada, tsitsani chipewacho. Mwamuna wanga sadziwa kusambira."

"Mwati uli, ama?"

"Sanasambirepo chibadwire."

Kapitawo sanafunsenso. Anayamba kumuonetsa ndi manja onse awiri kuti akhale pansi, wina n'kuthamangira kwa asodzi omwe anali ndi boti la injini. Nthawi yomwe ankakoka chingwe cha injiniyo, ikukana kulira, sindidzaiiwala. Mwamuna wanga anali adakali chiimire m'mphepete mwa thanthwe, wopanda malaya, osadziwa chifukwa chake anthu asiya kumuitana.

Asodziwo anakamutenga. Iye anatsika m'boti akunjenjemera ndi kuzizira, ndipo atangoona nkhope za anzake anadziwa kuti ndaulula. Palibe anamuseka. Mwina zikanakhala bwino akanamuseka.

Ntchito sinathe, koma za chifani abwana anapatsa wina. Iye anatsala ndi kusintha mababu ndi kukonza maketulo. Tikubwerera kunyumba tsiku limenelo ankayenda patsogolo, ine pambuyo, m'mphepete mwa msewu wa tala.

"Mwandivula pagulu," anatero osatembenuka.

"Eya, ndakuvulani."

Mpaka lero sanandikhululukire kwenikweni. Nkhaniyi amaiyambitsa yekha akakhala pakhonde, kundiuza mmene ndinamuchititsira manyazi pamaso pa amuna anzake. Ine sindimudula mawu. Ndimakhala pambali pake, kumumvetsera mpaka amalize.