Kanema amene amayi ankabwereza

Foni ya amalume inali yomanga ndi mphira. Chivundikiro chake chakumbuyo chinathyoka kalekale, ndiye ankaizunguliza ndi kachingwe kodula ku chubu cha njinga kuti batire lisagwe. Galasi lake linali ndi mng'alu wochokera pakona mpaka pakati, moti aliyense wooneka mmenemo, kaya ndi mfumu ya ku Iguputo kaya ndi nsomba, ankakhala ndi chipsera pankhope. Mpaka lero ndikamva fungo la mphira wotenthedwa ndi dzuwa, ndimakumbukira dzinja limenelo.

Ndinali mu Sitandade 6. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa ku Dzaleka, ndipo kumeneko kunali mnyamata woika nyimbo m'mafoni. Ena ankapempha nyimbo ndi mafilimu a nkhondo. Amalume, amene sukulu anailekeza panjira ndipo zinkawawawa mumtima, anapempha zophunzitsa ana. Mnyamatayo anawadzazira timakanema tatifupitifupi, tonse ta m'Chingerezi. Atabwera kwathu ku Bowe kudzathandiza ntchito ya fodya, anandipatsa foniyo kuti ndizisunga ine. "Uzionera, mutu ukule," anatero. "Koma fodya akatha, foni ndikubwerera nayo."

Ndiye ndinaonera! Phiri lolavula moto. Anthu akukoka miyala yaikulu kuposa nyumba yathu pomanga manda a mafumu awo. Chifukwa chake mwezi umaoneka wathunthu lero, mawa n'kuyamba kutha. Anthu a kutali akuvina atavala timabelu m'miyendo. Wolankhula mmenemo ankathamanga ngati munthu amene basi ikumusiya, ndipo ine ndinkangotola liwu apa, liwu apo, zotsalazo maso ankamaliza okha. Komabe kusukulu ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinauza anzanga kuti phiri la Ntchisi likhoza kuphulika tsiku lina lililonse, mpaka mtsikana wina anakanena kwa aphunzitsi akulira.

Dzinja lomwelo amayi anali oyembekezera. Ndimawakumbukira ali m'chigafa, atatambalala pamkeka akusoka fodya, zala zitada ndi utomoni wa masamba, uku akukalipira mimba yawo. "Iwe wabwera nthawi yolakwika. Sukuona kuti anthu tili pa fodya?" Mwana akagunda, ankagwira msana n'kunena kuti, "Wandilemetsa iwe, bwenzi utangodikira chaka chamawa." Tinkaseka tonse, iwonso ankaseka. Anali macheza chabe.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa wina anawatengera ku chipatala ku Mtengowanthenga pa njinga yamoto. Anabwerako chitenje chili lende, m'manja mulibe kanthu. Ine anangondiuza kuti amayi adwala, ndisawasokose. Ndinadzadziwa nditakula kuti mwanayo anabadwa atamwalira kale. Kwathu mwana wotere amatchedwa nthayo. Amakamuika amayi akuluakulu okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, ndipo mwini mwana amauzidwa kuti asalire. Sindinena kuti amayi akuluakuluwo anali ankhanza, pakuti nawonso anauzidwa zomwezo pa nthawi yawo. Koma kuuza munthu kuti asalire sikuumitsa misozi. Amangoyenda nayo.

Amayi anabwerera m'chigafa, koma macheza aja anatheratu. Munkangomveka singano ikuboola masamba ndi mvula ikudontha kudenga. Ndinkachita nawo mantha.

Masana ena ndikuonera pambali pawo, panatulukira kanema wa mmene mwana amakulira m'mimba. Ankayamba ngati kambewu ka nyemba, kenako timanja, kenako zikope. Ine ndinafuna kudumpha, chifukwa munalibe moto kapena mafumu.

"Taima," anatero amayi. "Bwezera."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikangoweruka kusukulu, ankandikodola. Kanema yemweyo, mobwerezabwereza, mpaka foni n'kuthima. Batire tinkakatchajitsa pa sola ya ometa tsitsi, mtunda ndithu, ndipo wokatchajitsa ndinali ine. Zinkandinyansa. Mapiri anga a moto anali kundidikira, batire likuthera pa mwana wosalankhula, wongoyandama.

Panali malo amodzi amene ankati ndiimitse. Pamenepo ankaonetsa khutu la mwanayo, kenako mayi ake akulankhula, timizere tokhotakhota tikuchoka pakamwa pake kulowa m'mimba.

"Pamenepa akuti chiyani?"

"Akuti ali ndi makutu."

"Amamva?"

"Eya, amamva."

"Zonse? Zonse zimene munthu ukunena?"

Apa ndiye panandikanika, chifukwa wolankhula uja ankathamanga kwambiri. Panthawiyo ndinkaganiza kuti amayi akufuna ndiyankhe kuti eya, monga mmene ine ndinkafunira kuti phiri la Ntchisi likhaledi ndi moto. Lero ndikudziwa kuti ankaopa. Ankafuna kudziwa ngati mwana wawo anapita atamva kuti wabwera nthawi yolakwika, kuti walemetsa mayi ake. Funso limeneli sakanafunsa munthu wamkulu aliyense pamudzi, chifukwa za nthayo sizikambidwa. Anatsala ndi ine ndi foni yomanga ndi mphira.

Fodya anali atauma, abambo ayamba kudinda mabelo, ndipo amalume ankanena za ulendo wobwerera ku Dzaleka. M'mawa wina amayi anandikulungira foni ija m'kansalu. "Ukafunse aphunzitsi ako," anatero osandiyang'ana. "Usakanene zambiri."

Aphunzitsi athu a sayansi anali mayi wamtali, woyenda ndi rula m'manja ngakhale popita kukamwa madzi. Ndinawapeza pa nthawi yopuma pansi pa mtengo wa mango, foni nditaibisa m'malaya, poti foni kusukulu zinali zoletsedwa. Nditawaonetsa malo aja a kanema, anaika foniyo kukhutu, anamvetsera, anabwezera n'kumvetseranso.

"Akufunsa ndani?"

"Amayi."

Ankapemphera mpingo umodzi ndi amayi, ndiye ndikhulupirira kuti ankadziwa zonse. Anaika rula pansi.

"Ukawauze ndendende mmene ndikunenera. Mwana ali m'mimba amamva liwu la mayi ake, ndipo amalizolowera mpaka kulizindikira. Koma zimene akunena sazidziwa. Kaya akumuimbira kaya akumukalipira, iye amangomva kuti amayi anga ali pompano. Tabwereza."

Ndinabwereza. Anandibwerezetsanso, kenako anandibwezera foni osandikalipira n'komwe.

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Kumva osadziwa zimene zikunenedwa ndinkakudziwa bwino, poti ndi mmene ndinkamvera Chingerezi cha m'foni, ndipo sindinkaona chonyadira pamenepo. Ndinkaona ngati ndawatengera amayi yankho loperewera.

Ndinawapeza m'chigafa akusankha masamba otsala. Ndinanena zonse monga anandiuzira aphunzitsi, manja ali kumbuyo ngati ndikulakatula pamaso pa kalasi.

"Tanenanso."

Ndinanenanso.

"Ndiye kuti zija sanazimve," anatero chapansipansi. "Liwu lokha."

"Liwu lokha."

Anaseka pang'ono, kaphwete kakafupi. Kenako anakokera chitenje kumaso n'kuyamba kulira. Sikunali kusisima ayi, kunali kulira kwa maliro, kumene sindinawamvepo akulira chibadwire. Azakhali anabwera akuthamanga kuchokera kunyumba kwawo kuti adzawaletse, koma amalume anaima pakhomo la chigafa, dzanja atatambasula. "Musiyeni," anatero.

Patapita masiku ochepa amalume anabwerera ku Dzaleka ndi foni yawo. Amayi sanafunsenso za kanema uja. Anayambanso kundikalipira za mbale zosatsuka, ndipo ndinasangalala kumva mkalipo wawo.

Zambiri za m'timakanema tija ndinaziiwala. Sindingakuuzeni dzina la phiri lija, kapena mfumu ya chipsera pankhope. Chimene chinatsala ndi masana amenewo. Ndinaima pamenepo foni ili m'manja, ndikudikira kukalipiridwa chifukwa choliza munthu wamkulu. Sindinkamvetsa kuti yankho laling'ono chonchija lingalize bwanji munthu, ndipo sindinamvetsenso chifukwa chake amayi, atapukuta misozi, anandigwira kumutu ndi zala zawo zonunkha fodya n'kunena kuti zikomo.