Nkhunda za Che Sefu zinakana kusamuka

Amalume anga, Che Sefu, anthu a ku Nkope amawadziwa ndi zinthu ziwiri: nkhunda ndi wailesi. Ukonde sanaukokepo, khasu akuti limawapweteka msana, koma nkhani ya nkhunda atha kuikamba kuyambira m'mawa mpaka womvera atakomoka ndi njala. Nkhunda makumi atatu zija ankati ndi zawo, ngakhale wozipatsa gaga ndi madzi zaka zonsezi anali akazi awo, Abiti Ahmad.

Chaka chatha anakwatira mkazi wachiwiri, a Mwanamvua, kutsidya kwa nyanja ku Malindi. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi, choncho ananyamula mphasa, wailesi ndi nkhunda m'madengu n'kukwera boti. Tsiku lomwe anatsegula khola latsopano, nkhunda zonse zinakatera padenga la Abiti Ahmad. Amalume anakazitenga. Zinabwereranso. Ndipo ulendo uliwonse wokazitenga ankagonako masiku awiri.

Kachitatu a Mwanamvua anatopa. "Che Sefu, ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena m'busa wa mbalame? Zikabwereranso muzitsatire, ndipo mphasa yanu musaiiwale."

Sabata yomweyo amalume anamva pa wailesi kuti nkhunda zimadziwa njira chifukwa zimamva maginito a dziko lapansi. Basi, anati vuto lapezeka: maginito a ku Nkope ndi amphamvu kuposa a ku Malindi. Anazungulira okonza mawailesi onse a pa boma, kutolera maginito a masipika akufa mpaka thumba linadzaza. Atadutsira kwathu kudzandionetsa, anapeza a Howard, aphunzitsi oyandikana nafe nyumba.

"Bambo, maginitowo sakoka mbalame ngati msomali ayi," anatero a Howard. "Amangoithandiza kudziwa kuti kumpoto n'kuti, kumwera n'kuti. Kwawo imakudziwa kale."

"Aphunzitsi, inu munawetapo chiyani? Choko?" anayankha amalume, n'kusenza thumba lawo.

Atafika ku Malindi anamangirira maginito padenga la khola, pakhomo pake, ena m'nthambi za mango. Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti anawaitana kuti adzaone nzeru. Inenso ndinapita, mwana wanga Rahma ali kumbuyo, poti ndi amalume anga ndithu. Anakhosomola, anatsegula khola. Nkhunda zinazungulira kawiri pamwamba pa mitu yathu, kenako ulendo wa ku Nkope, osatsanzika n'komwe. Chomwe maginito anagwira tsiku limenelo ndi misomali itatu, lezala ndi mbedza ya munthu wina. Potembenuka, mphasa anaipeza pabwalo, yokulungidwa kale, wailesi ili pamwamba.

Tinawoloka limodzi kubwerera ku Nkope. Abiti Ahmad tinawapeza akumwaza gaga, nkhunda zili piringupiringu m'miyendo mwawo.

"Izi zafika kwawo, zimadziwa wozidyetsa," anatero osadzutsa mutu. "Inu munati kwanu n'ku Malindi. Kafunseni maginito anuwo."

Panopa katswiri wa njira za mbalame akugona m'khitchini mwanga, mwezi wachinayi uno. Maginito aja anabwera nawo, ndipo ine sindinawataye. Ndimayendetsa amodzi pansi m'mawa uliwonse, amanditolera singano ndi timawaya Rahma asanayambe kukwawa. Amalume akandiona amapukusa mutu, akuti ndikuwononga zipangizo. Mpaka lero amalimbikira kuti cholakwika chinali chimodzi chokha: akanapeza maginito a chimkuzamawu cha pamzikiti, bwenzi ali pabanja.