Magemu a M'bokosi la Tiyi

Kumalaini a esiteti ku Thyolo kuli madala ena amene ankaphikira mabwana. Amasunga magemu akale a pa TV m'bokosi la tiyi kuopa chinyezi cha chiperoni. Anawatola ana a mabwanawo atawataya. Magetsi alibe, koma mwezi ndi mwezi amawapukuta. "Chotayidwa sichinafe," amatero.

Loweruka lina kunabwera wogula wa ku Limbe. Madalawo, pokhala a Sabata, anangoti, "Lero ayi, achimwene." Wogulayo anayesa kuti mtengo umene anatchula wachepa, ndipo anaukweza katatu konse.

Atabweranso Lamlungu, anapeza bokosi lili pa loko.

"Dzulo ndinakhala chete ola limodzi, mtengo n'kukwera katatu," anatero madalawo akuwongola kolala. "Nanga ndikakhala chete zaka khumi?"